Zimene malume anauza mkulu wa timu

Lamulungu lapitali, titatuluka m'mapemphero ku Leeds, a Mbewe anakhazika pansi achinyamata a mumpingo. Ine ndinali pomwepo, ndipo ndikulemba monga anayankhulira.

"Zaka zapitazo, ena a inu musanayambe sekondale, mwana wa mlongo wanga, Tamandani, anali atatalika moti ankawerama polowa m'basi, ndipo basiketibolo ankaidziwa. Timu ina ya ku Manchester inkafuna kumulemba ntchito yosewera, koma mkulu wosankha osewera ankakayika khalidwe lake, chifukwa kochi akamamudzudzula, mnyamatayo ankangozolika osayankha. Ife tinamulera choncho, koma iwo ankaona ngati mwano.

"Mkuluyo anabwera kunyumba kudzafunsa ine malume ake, poti bambo ake anatisiya kale. Mvetserani apa, ana inu. Kwathu makedzana, ukamapereka mwana kwa aphunzitsi sunkamutama ayi, unkati ndi wopulupudza, muwongoleni, ndipo aphunzitsi ankadziwa kuti ndi ulemu chabe. Kutama mwana wako kwa mlendo kunali kumuitanira nsanje. Ndiye ine, m'Chingerezi changa chothyokathyoka, ndinati Tamandani ndi wamakani, waulesi, wosamva, amafunika dzanja lolimba. Ndinkanena ndikuseka, koma iye sanaseke. Anatulutsa kabuku n'kulemba zonse.

"Atapita, mlongo wanga, yemwe anali asanavule yunifolomu ya kosamalira okalamba, anandiyang'ana nati, 'Achimwene, mwamupha mwana.'

"Sabata yonse foni sinalire. Tamandani ankandipatsabe moni ndi manja awiri, osafunsa kanthu, ndipo ulemu wakewo unkandiopsa kuposa akanandilalatira. Chakudya chinkandikanika. Ndikatseka maso ndinkamuona akunyamula makatoni mpaka ukalamba chifukwa cha pakamwa panga. Ndinagwada n'kupemphera, kenako ndinatenga Tamandani n'kukwera sitima ya ku Manchester.

"Mkulu uja ndinamupeza pabwalo, ndipo ndinamufotokozera mwambo wathu. Anamvetsera, kenako anati ngati zoipa zija zinali ulemu, ndimuuze zabwino zake, ndipo anaitana Tamandani kuti aime pomwepo. Lilime linandilemera, ana inu, chifukwa chibadwire chake ndinali ndisanamuyamikepo. Mkuluyo anayang'ana wotchi, ndipo ndinadziwa kuti ndikakhala chete, zolembedwa zija zikhala zoona.

"Ndinati Tamandani amaperekeza mayi ake ku basi m'mawa uliwonse ngakhale kuzizire bwanji. Ndinati akadzudzulidwa sayankha, koma amapita ku paki kukabwereza chimene walakwitsacho mpaka manja kuuma. Ndikunena zimenezi, mnyamata uja anadzutsa nkhope n'kundiyang'ana ngati sandidziwa, ndipo anafunsa chapansipansi, 'Amalume, mumaona zimenezo?'

"Mkuluyo sanalonjeze kanthu. Tinadikiranso masiku angapo mitima ili m'mwamba, kenako anaitana Tamandani, poyamba mongomuyesa, ndipo mpaka lero akusewera.

"Masiku ano muli m'dziko limene mawu amalembedwa monga mwawanenera. Inu anyamata, mkulu akakudzudzulani, dzutsani nkhope muyankhe mofatsa. Ndipo inu makolo mwaima kumbuyoko, mwana akachita bwino muuzeni lero lomwe, asadzamve koyamba pamaso pa mlendo."

A Mbewe anathera pamenepo. Ine, mmodzi wa makolo aja, ndinaweramitsa mutu, ndikupempha Ambuye amasule lilime langa ndisanafike kunyumba.