Mbewa za Amayi Lenia Sizifa Lolemba

Ayi, musaombe m'manja, sindinayambe. Ndamva bwino kapena makutu akalamba? Bwana, mwati Lolemba chipinda cha mbewa chitsekedwa, mbewa ziphedwe, muikemo makatoni. Mwanena pamaso pa mwini wake, Amayi Lenia, keke yowatsanzikira ili patebulo! Manyazi mulibe?

Chabwino. Bwana, madokotala, a banja la Amayi Lenia, anzanga okolopa, ndakuonani nonse. Ine ndine Andireya, wodyetsa mbewa pa labu pano. Sukulu ndinalekera giredi faifi.

Amayi awa atabwera, Chipata yonse inaseka. Kwathu kuno mbewa timakumba, timawamba, timadya. Iwo akuti mbewa izigona pa utuchi woyera, izimwa madzi owiritsa! Tsiku loyamba anaigwira pamimba, inawaluma, anakuwa mpaka mlonda anathamanga ndi chibonga. Apongozi awo a ku Mtenguleni atabwera kudzaona ntchito, anasuzumira m'mabokosi nati, "Zanenepa, mwanawe. Ndiwo zonsezi mukudikira maliro?" A Tomasi, amuna a Amayi Lenia, mukuseka? Si inu mumakadyera mbewa kuseri kwa galimoto, kuopa akazi anu?

Koma kuseka kuthe. Mdzukulu wanga Pemphero anachedwa kuyenda, kuyankhula mpaka lero kumamuvuta. Kumudzi kwathu ku Chiparamba anati mayi ake, mwana wanga Jesca, anamukhwimira. Jesca analeka kupita kumjigo, kuopa pakamwa pa anthu.

Amayi Lenia anandiika diso pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Anati malangizo a chibadwa timalandira awiriawiri, ena kwa bambo, ena kwa mayi. Nthawi zina kachigawo kamasowa, nthawi zina kamabwera koonjezera. Mu ubongo muli mbali yoyera, ili ngati mawaya oyendetsa uthenga. Mbewa yosowa kachigawo, mawaya ake ena. Yoonjezera, enanso. Ndinaona ndi maso angawa. Sanandinamize kuti ali ndi mankhwala, kapena kuti Pemphero vuto lake ndi lomwelo. Anangoti, "Bambo Andireya, zotere zimachitika popanda mfiti." Ndinakanena kumudzi. Jesca anabwerera kumjigo.

Chaka chija anyamata osaka mbewa anatentha tchire, moto n'kufika pampanda wathu. Ena munathawitsa magalimoto anu, ndinakuonani. Amayi awa anavula nsapato, bokosi la mbewa pamutu, lina m'manja, ulendoulendo, chitenje chikunyeka. Mbewa zili m'chipindamo ndi zidzukulu za zomwe zija. Mukazipha, mtundu umenewu simukaugula kumsika wa Kapata. Moto unalephera. Ndiye makatoni?

Bwana, Thandiwe ali apo, anaphunzitsidwa ndi Amayi Lenia, akufuna kupitiriza ntchitoyi. Ima, mwanawe, akuone. Makiyi a chipinda cha mbewa ali m'thumba langali. Mukawafuna Lolemba, mudzandipeza nditakhala pakhomo. Kundichotsa ntchito chotsani, ndinatopa kale, mawondo anatha.

Amayi Lenia, zikomo. Munatigwirira ntchito, munatilemekeza ife otsika. Pitani mukapume, mukalime nshawa zanu. Mbewa zikakudyerani kumunda, musazipatse madzi owiritsa, itanani a Tomasi. Za kuno musade nkhawa.

Tsopano ombani m'manja. Mwamphamvu! Bwana, inunso, manja muli nawo.

Basi, njala yandipweteka, ndikadye. Mundisungire ntchafu ya nkhuku. Ndiyamba ndadyetsa mbewa.