Bondo langa linathera pa mpanda wa bwalo la mpira

Linalira ngati mmene imalirira nzimbe munthu akaithyolera pa bondo, kungoti ulendo uno lothyoka linali bondolo. Mpaka lero kulira kumeneko ndimakumvabe. Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, nonse amene mukuwerenga. Ndikufuna ndikuuzeni mmene ndinatayira sukulu, mpira ndi mphamvu za mwendo, ndi mmene Mulungu ananditolera.

Ndinakulira ku Manja kwa agogo anga aakazi, amene anachokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo. Makolo anga sindikuwakumbukira nkhope. Ndinali mwana wosayankhulayankhula, wongoyang'ana, ndipo pa mpira khalidweli linandithandiza. Ndinkasewera kumbuyo. Wogoletsa zigoli akamabwera sindinkayang'ana mpira, ndinkayang'ana chiuno chake, chifukwa chiuno sichinama. Ochemerera anandipatsa dzina loti Khoma.

Nditakhoza Folomu 4 ndinalowa koleji ya ntchito zamanja kukaphunzira zamagetsi. Agogo anagulitsa makala mpaka anandigulira ovolosi ndi nsapato. Ndili chaka chachiwiri, timu ina yaikulu ya mumzinda muno inanditenga, ndipo akuluakulu ake anati ndisankhe chimodzi, kalasi kapena bwalo. Ndinasiya koleji ndisanalembe mayeso omaliza, poganiza kuti mawaya sathawa. Ndinasewera zaka zingapo ndithu, dzina langa likumveka pa wailesi.

Amene mumatsata mpira mukudziwa zimene zimachitika masewero akakhala aakulu. Tsiku lina la masewero otere titafika kubwalo, mkulu wina wa timu anati a timu inayo akwirira mankhwala pachipata, ndipo aliyense wodutsa pamenepo miyendo imulemera. Analamula kuti tonse tidumphe mpanda. Anzanga anadumpha, ena akuseka. Ine ndinakwera chikwama chili kumsana, ndipo potsika phazi linatera m'mphepete mwa ngalande ya simenti. Mpira sindinaukhudze n'komwe tsiku limenelo.

Kuchipatala anati mitsempha ya m'bondo yaduka. Akuluakulu a timu anabwera kamodzi ndi nthochi, nandiuza kuti poti ndinavulalira kunja kwa bwalo, si nkhani ya timu. Posakhalitsa jezi yanga anavala wina.

Ndinabwerera ku Manja ndi ndodo. Agogo akundithowa bondo ndi madzi otentha anandifunsa kuti, "Chipatacho chinali chotseka?"

"Chinali chotsegula, agogo."

"Ndiye unadumphiranji?"

Atatero anapitiriza kuthowa bondolo.

Nditayamba kuyenda ndinazungulira m'tauni kufuna ntchito. Paliponse ankandizindikira, ena n'kujambulitsa nane pa foni, koma pamapeto ankafunsa pepala la kukoleji, ine ndilibe. Ndinayesa ulonda, koma ndikaimirira nthawi yaitali bondo linkatupa ngati dzungu. Kenako ndinapita kudepoti ya Limbe kukaitanira minibasi. Kumeneko ndiye ndinasanduka choseketsa, chifukwa mawu anga ndi apansi chibadwire.

"Iwe Khoma, ukuitana anthu kapena ukulapa kwa ansembe?" anatero kondakitala wina, anzake n'kugwa nako kuseka. Minibasi yanga inkadzaza pomalizira, ndipo madalaivala anasiya kundipatsa.

Chimene chinkandipweteka koposa sichinali chitonzo. Agogo, maso atachita kale khungu pang'ono, anayambiranso kusenza makala kuti adyetse chimunthu chachikulu ngati ine. Ndinkawaona akupuma pa chitunda, dzanja lili pachifuwa, ndipo akandiona ankanamizira kukonza mpango. Ndinasiya kupita kutchalitchi. Loweruka mpira ukayamba kumveka m'mawailesi a oyandikana nawo, ndinkadzitsekera m'nyumba n'kufunda kumutu. Masana ena ndinalowa m'tchalitchi china ku Limbe mulibe munthu. Kugwada sindikanatha, choncho ndinangokhala pa benchi n'kunena kuti, "Ambuye, ngati mulibe nane ntchito, nditengeni, agogo apumule." Ndinatuluka mmene ndinalowera. Dzinja lonse linadutsa osamva kanthu.

Tsiku lina nditakhala pakhonde la sitolo pafupi ndi depoti, munthu wina anaima patsogolo panga, nakwinya thalauza kundionetsa chipsera pa msongolo.

"Ntchito ya ndani iyi?"

Anali Yobe, wogoletsa zigoli wa timu ina, amene tinkalimbana kwambiri. Ndinaganiza kuti wabwera kudzandiseka. Koma anakhala pansi pambali panga, nandifotokozera kuti atasiya mpira anayamba kuika magetsi m'nyumba zakale za ku Sunnyside zimene zikusanduka maofesi.

"Ndamva unaphunzirako zamagetsi."

"Sindinamalize, achimwene. Ndipo makwerero sindingakwere."

"Okwera ndili nawo ambiri, onse ndi opupuluma. Ndikufuna munthu wokhala pansi, womanga mabokosi a magetsi, woona waya wolakwika moto usanabuke. Iwe unkadziwa kokhotera ine mwiniwake ndisanadziwe."

Abale, ndikuthokoza Mulungu amene sanamvere pemphero langa monga ndinalipempherera. Bondo silinachire, ndimatsimphinabe, ndipo zaka zija sizidzabwerera. Koma lero ndili pa ntchito, madzulo ndikuphunzira kuti ndilembe mayeso aja, ndipo agogo anatula makala. Inu amene mwakhala pakhonde lanu, osaona kolowera, musadziweruze nokha. Pirirani, thandizo likhoza kudzera mwa munthu amene simukumuyembekezera.

Tsiku lija pakhonde paja, Yobe anaimirira, nasasa fumbi, nasolola tesita yamagetsi m'thumba la shati yake n'kuiika m'dzanja langa.

"Lolemba mmawa. Ubwere ndi maso ako, mwendowo usiye kunyumba ukafuna."

Anaoloka msewu, nakwera minibasi ya m'tauni.