Bambo Whyson Goliati, Dalaivala Amene Anakanizidwa Kubwerera

Malemu Bambo Whyson Goliati anabadwa m'chaka cha 1972 ku Chawama, kuno ku Lusaka. Makolo awo anachokera ku Ntcheu, m'dziko la Malawi, kudzafuna ntchito.

Sukulu analekezera giredi 9, kenaka anaphunzira kuyendetsa galimoto. Mu 1998 anamanga banja ndi Mayi Petronella Mwewa mu mpingo wa Reformed, kumene ankaimba besi m'kwaya. Amene munakwerapo minibasi yawo ya ku Kanyama mukukumbukira kuti sankathamanga, ngakhale kondakitala alalate bwanji.

Zinthu zitathina kuno, mu 2013 anapita ku dziko lina la Aluya, lolamulidwa ndi mfumu, kukayendetsa galimoto ya banja lolemera. Anati akakhalako zaka ziwiri zokha. Tsiku lomwe anafika bwana anawalanda pasipoti, ndipo lamulo la kumeneko linali lakuti wantchito wochokera kunja satuluka m'dziko bwana wake asanalole. Chaka chilichonse ankapempha, bwana n'kumati chaka chamawa.

Mtengo wa mafuta utagwa, eni dziko anayamba kung'ung'udza, pakuti mfumu yawo ankailemekeza chifukwa cha zimene inkawagawira. Pofuna kuoneka yabwino, mfumuyo inalengeza kuti malamulo asintha, antchito azipita kwawo osagwadira munthu. Malemu anaimba foni akuseka, ndipo mayi kuno anapentetsa nyumba. Koma pambuyo pake kunadziwika kuti lamulolo silikhudza antchito a pakhomo, ndipo dalaivala wa banja amawerengedwa pamodzi ndi ophika ndi osesa. Ife achibale zinatipweteka kwambiri, ndipo sitibisa ngakhale pano pamaliro.

Kumeneko kunalibe tchalitchi. Lamulungu ankamvetsera kwaya yathu pa foni ali m'galimoto, akudikira ana a bwana kuti aweruke kusukulu.

Chaka chatha anayamba kudwala impso. Anapempha kuti abwere adzafere kwawo, bwana anati ayambe wapeza dalaivala wina. Anamwalira pa 6 Malichi m'chipatala, popanda wachibale pafupi. Chilolezo chotulukira bwana anasayina m'mawa mwake.

Asiya mkazi wawo, mlongo wawo Mayi Elesi a ku komboni ya George, mdzukulu mmodzi ndi ana atatu: Enos, Marjory, ndi chitsiriza Dyness, amene anali m'mimba pamene malemu ankanyamuka. Dyness wakumana ndi bambo ake lero.

Afika kwawo. Apumule mu mtendere.