Tochi ya Pachipumi ya Maliko

Amayi a Mvano a ku Mitundu, paulendo wokakwera phiri la Nkhoma, anamanga matenti pabwalo la tchalitchi china ku Nathenje, ndipo wapampando wawo, a Kettie, analamula kuti aliyense wotsimphina mawa atsala pomwepo azilondera mapoto. Ndiye kutangoyamba kuda, anzawo ali m'tchalitchi kuyimba, a Felesiya anapezeka pampasa kuseri kwa tenti, minga ili m'chidendene, pini ili m'manja, ndipo munthu yekhayo wokhala ndi tochi anali Maliko, mkamwini wawo wonyamula katundu, amene kwa zaka zisanu ndi ziwiri sanayang'anizane nawo maso ngakhale kamodzi.

Tochiyo inali ya pachipumi, ya lamba, yogula dzulo lake pamsika wa Mitundu. Maliko anaima nayo chapatali, khosi lili gwa ngati wasenza mazira.

"Bambo a Luka, tawalitsani kuno."

"Ndawalitsa, amayi."

"Mwawalitsa mtengo wa mango. Mtengowo wabayidwa ndi minga?"

"Imapita kumene munthu akuyang'ana, amayi."

"Ndiye yang'anani kuno!"

"Kumeneko kuli inu."

A Felesiya anakoka chitenje mpaka m'mapazi. "Iii, zoona. Musayerekeze! Mundiyang'ane ine, apongozi anu, mwendo uli pamtunda? Ku Mitundu ndikalowera khomo liti?"

"N'chifukwa chake ndasankha mango."

"Ivuleni ndiye, muigwire m'manja ngati anthu."

"Sizitheka, amayi. Wogulitsa anandiuza kawiri konse: iyi savula paulendo. Ya m'manja inalipo, yofiira, ya mabatire atatu. Ndinaisiya dala kuti manja azinyamula zikwama zanu."

"Wogulitsayo ali pano?"

"Ali ku Mitundu."

"Nanga akuonani bwanji?"

"Koma ananena."

"Ikani pamwalapo basi, iziwala yokha!"

Maliko anauyang'ana mwalawo, mwala n'kuwala bwinobwino. "Mwala si mutu, amayi. Iyi imafuna mutu. Ndipo mutu wina pano ndi wanu."

"Wanga? Thukuta la mkamwini pa duku la Mvano? Duku lochapa ndi buluu, losita ndi makala a ku Dzalanyama? Aaa, bola phazili aliduliretu."

M'tchalitchi anayamba nyimbo yachitatu. Maliko ankadziwa kuti nyimbo zake n'zisanu basi. Ankadziwanso zimene Rozina, mkazi wake, anamuuza ponyamuka: amayi akakanika kufika pamwamba pa phiri, iyenso asavutike kufika pakhomo.

"Amayi, ndaganiza. Nditsinzina. Mutu uyang'ana, maso ayi."

A Felesiya analingalira kaye. "Kutsinzina kwenikweni? Osati kwa m'pemphero, kosuzumira nako mbale ya mnzako?"

"Kwenikweni."

Maliko anatembenuka, maso ali tsinzinu, manja kumbuyo.

"Mwawalitsa chimbudzi. Bwererani kuno. Pang'ono. Pang'ononso. Tsitsani mutu. Eya, pomwepo! Musasunthe, mwamva?"

"Eya, amayi," anatero Maliko, n'kuweramitsa mutu mwaulemu.

"Hii! Mwawalitsa mapazi anu!"

"Pepani, amayi." Anaweramanso.

"Lekani kuwerama!"

"Ndikuyankha akuluakulu, amayi. Khosi limapita lokha."

"Ndiye musandiyankhe!"

Maliko anaumitsa khosi. Kuwala kunagwera pachidendene mwaubwino. A Felesiya analoza pini, lilime lili panja, n'kuyamba kutokosa.

"Ikuoneka mutu wake. Yakuda. Ndi ya mthethe imeneyi. Mukundimva?"

Zii.

"Bambo a Luka! Ndikulankhula ndi chitsa? Kwanu anakulerani chotere?"

"Munati ndisayankhe, amayi." Mutu pansi, mdima bii, pini n'kulowa pena.

"Mayo ine! Ndadzibaya pabwino!"

Apo n'kuti tizilombo touluka ta Nathenje yense titamva kuti kwabwera magetsi. Tinazinga nkhope ya Maliko, kamodzi n'kulowa m'mphuno osaodira. Anayetsemula, dzanja n'kugunda batani. Tochi inayamba kuthwanima, phethi phethi phethi.

"Chimenecho n'chiyaninso? Mwandibweretsera disiko pa tchalitchi?"

"Sindikuona, amayi, ndatsinzina. Ikutani?"

"Ikuphethira!"

"Ooo, imeneyo ndi ya ngozi. Wogulitsa anati munthu ukasochera m'phiri uziyatsa imeneyo, anthu amabwera akuthamanga."

"Anthu? A Kettie abwere akuthamanga? Zimitsani msanga!"

Maliko anadina batani. Kuwala kunasanduka kofiira.

A Felesiya anayang'ana phazi lawo n'kuponya pini kutali. "Magazi! Phazi lonse magazi! Manjanso! Mpasa! Kalanga ine, ndadula mtsempha! Bambo a Luka, mukauze Rozina kuti nkhuku yathadzi ija ndi yake, koma mbuzi asagawire azakhali ake!"

"Ndikanena, amayi. Yathadzi."

"Duku langanso lafiira! Magazi afika bwanji kumutu?"

"Kapena ndi ya nambala folo, amayi. Ilipo yofiira. Anati ndi ya m'tenti, kuti usadzutse anzako."

A Felesiya anakhudza phazi, n'kununkhiza chala.

"Za mbuzizo musakanene."

"Nanga za nkhuku?"

"Zonse! Bwezerani yoyera, mundifunire pini yanga."

"Ndifune chotsinzina?"

"Pini si apongozi anu! Tsegulani maso!"

Maliko anagwada chofulatira, n'kuyamba kukwawa m'fumbi, kuwala kukuyenda naye ngati nkhuku yotola mapira. Pini anaipeza. Anatsinzinanso, n'kuipereka ndi manja awiri kwa mtengo wa mango.

"Ndili kuno!"

Nthawi yomweyo m'tchalitchi munamveka ameni wamkulu, mabenchi n'kuyamba kukhuluka. Mawu a a Kettie anatulukira pakhomo: "Tiyeni tikaone miyendo, amayi! Aliyense ayende kasanu pamaso panga!"

A Felesiya anayang'ana kumwamba, anayang'ana phazi. Kenako anatola ambulera yawo, n'kukola lamba wa tochi ndi chogwirira chake chopindika, n'kukoka. Tochi inachoka pamutu pa Maliko ngati chivundikiro cha poto.

"Amayi! Wogulitsa anati..."

"Simunavule ndinu. Yavula ambulera."

Anaikoleka pamwamba pa duku loyera lija, thukuta ndi thukuta lomwe. Anawerama, kutokosa kamodzi, kawiri, minga n'kutuluka yonse, yaitali ngati chitsotso cha machesi. Anaimirira, anaponda, anapondanso, n'kudumpha pang'ono ngati mtsikana wa kwaya.

Maliko anali chigwadire, maso otsinzina. Koma anaona zikope zake zikuyera mbee.

"Amayi... mukundiyang'ana?"

"Ine? Ndi tochiyi."

"Imapita kumene munthu akuyang'ana."

Kuwala sikunasunthe. Kunayenda pang'onopang'ono kuchoka pachipumi, kutsikira pamphuno, n'kukaima pa makutu nthawi yaitali ndithu.

"Zaka zisanu ndi ziwiri ndimakudziwirani nkhongo yokha," anatero a Felesiya motsitsa mawu. "Kani makutu a Luka aja tinkanamizira malemu amuna anga chabe."

"Pepani, amayi."

"Palibe kanthu, dzukani. Mawa ine patsogolo, a Kettie pambuyo azidya fumbi."

Maliko anadzuka, anasasa mawondo, n'kutambasula manja awiri chakumbali. "Ndiye poti minga yatuluka, mundibwezere katochiko. Ndikamange tenti yanga, kwada."

A Felesiya anakonza lamba pa duku, n'kudina batani ngati anabadwa nayo.

"Bambo a Luka, inu simunamve wogulitsa? Iyi savula paulendo."