Khadi la galu wa mlamu wanga

Aulutsi, ndine mayi wa ku Mkanda kuno ku Mchinji. Dzina langa lisatchulidwe.

Mwana wanga wamkazi wa ku Zomba atapempha galu wolondera nyumba, ndinaganiza zomupititsira wathu. Anthu anandiuza kuti panjira apolisi amafuna khadi la katemera wa chiwewe. Wathuyo anali asanabayidwepo. Ndinachita ulesi, n'kubwereka khadi la galu wa mlamu wanga, poti onse ndi akuda. Pa rodibuloko wapolisi anangoliyang'ana n'kuti, "Pitani, mayi." Ndinaseka chamumtima.

Patatha masiku atatu, ndidakali ku Zombako, galuyo analuma mdzukulu wanga pamwendo. Kuchipatala namwino anafunsa, "Galuyu anabayidwa?"

"Eya, khadi lake ili," anayankha mwana wanga.

Namwinoyo anangotsuka balalo n'kuti tizipita. Ndinagwada pakhomo pomwepo. "Khadilo si lake ayi. Chonde, mubayeni mwanayu!"

Anamubaya ndithu, ndipo ali moyo. Koma kwa miyezi iwiri, m'mawa uliwonse ndinkamupatsa kapu ya madzi kuti ndione ngati wayamba kuwaopa, monga amachitira wodwala chiwewe.

Anzanga omvera, pitani kwa alangizi a ziweto mukabayitse galu wanu. Khadi lobwereka linanamiza wapolisi, koma chiwewe sichiwerenga khadi.