Mfundo ya pakhwekhwe la ku Nkhudzi

Malemu bambo Petulo Chilombe, amene agona pakati pathupa, anabadwa pa 14 Epulo 1969 konkuno ku Nkope. Ine wowerenga mbiriyi ndine mng'ono wawo, Jenkins. Ndisabise, ndaona zikwanje zimene anyamata apabanja pano mwabisa kuseri kwa khola. Ndamvanso kuti tikachoka kumanda mukufuna kukatentha nyumba za anthu akuseri kwa phiri, poti mukuti ndiwo anatchera msampha umene waphetsa malemuwa. Anthu akewo abwera kudzalira nafe, ndi awo akhala pansi pa mtondowo. Chonde, imvani kaye mbiri yonse.

Malemu anayamba sukulu ya mishoni mu 1976 ndipo analekezera Sitandade 8. Iwo ndi masamu sankamwerana madzi, koma mapazi a nyama ankawawerenga ngati kalata. Pa 21 Ogasiti 1993 anamanga ukwati woyera ndi mayi Elizabeti mu mpingo wa Anglican.

Mu 1996 analembedwa ntchito yolondera nyama kupaki, m'mapiri a Nkhudzi. Ambiri tinawada, chifukwa anyani akatithyolera chimanga tinkati ziweto za a Petulo zatidyera. Iwo ankangoseka. Ankadziwa thanthwe limene achinkhoma amaothera dzuwa, mapanga a mbira, ngakhale njira imene kambuku amatsikira kukamwa madzi. Ntchito yawo yaikulu inali kuchotsa makhwekhwe, misampha ya waya ija. Akaupeza wayawo ankayamba ayang'ana mfundo yake, pakuti munthu aliyense amamanga mwakemwake. Akamuzindikira mwiniwake ankakasiya wayawo pakhonde pake osanena kanthu. Wobwereza yekha ndiye ankamutengera ku ofesi.

Loweruka pa 3 Ogasiti 2024 m'mawa anapeza nguluwe yamphongo itakodwa mwendo. Chakudza sichiyimba ng'oma. Akuyandikira, waya unaduka, nguluwe ija n'kuwang'amba ntchafu. Bambo Hafiz Mustapha ndi anzawo akuseri kwa phiri, amene ankadula udzu wofolera chapafupi, anamva kukuwa ndipo anawanyamula pamachira mpaka kumsewu. Kupezeka pafupi kumeneko ndi kumene kwawasandutsa olakwa m'maso mwa ena a ife.

Kuchipatala cha Mangochi madokotala anayesetsa, koma bala linali lakuya ndipo linakana kupola. Pa 17 Ogasiti malemu anandiitana pamodzi ndi alamu anga, mayi Elizabeti, natulutsa chidutswa cha waya chimene anachisunga kunsi kwa pilo masiku onsewo. Ndi ichi chili m'manja mwangachi. Nditaona mfundo yake ndinaizindikira pomwepo. Ndi mfundo yopinda kawiri cha kumanzere, imene bambo athu ankasokera ukonde chifukwa anali amanzere. Anatiphunzitsa ife ana awo, ifenso tinaphunzitsa ana athu ndi aphwathu basi. Kuseri kwa phiri kulibe munthu amene amaidziwa. Khwekhwe limenelo linachokera m'banja mwathu muno.

Ndinawachonderera kuti atchule dzina, pakuti dzanja lake analizindikira. Anakana. Anati sangathe kusiya m'bale wawo m'manja mwa anthu okwiya, iwo atapita. Anangopempha kuti mwini wake akwere phiri akachotse makhwekhwe otsalawo mvula isanagwe, asanavulaze munthu wina. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Malemu anatisiya Lolemba pa 19 Ogasiti masana, ali ndi zaka 55, ndipo dzinalo apita nalo.

Asiya mkazi wawo mayi Elizabeti, ana anayi, omwe ndi Tayamika, Tony, Agnesi ndi Maliko, komanso zidzukulu zitatu. Tikuthokoza abambo a mpingo, amayi a chigwirizano amene akhala akuyimba kuyambira dzana, adzukulu okumba manda, madokotala ndi anamwino, ndiponso anzawo akuntchito amene atithandiza ndi bokosi.

Kwa inu bambo Hafiz ndi anzanu, manyazi atigwira. Munasenza m'bale wathu magazi ake akukuyenderani m'mapewa, ife n'kukunolerani zikwanje. Mutikhululukire. Wapabanja pano amene apite kuseri kwa phiri lero, apite chimanjamanja, kukathokoza.

Achimwene, pitani bwino. Mulungu alandire mzimu wanu, ndipo muuse mumtendere umene mwatisiyira.