Mabasi Alipo

Pa siteji ya basi ku Cleveland, ndikufunditsa mwana wanga chisanu chikuluma, mayi wina anapsera mtima bambo wachikulire amene anangomufunsa nthawi.

"Nthawi yatha, bambo! Akuvota panopa!"

"Akuvota ndani, mayi?"

"Komiti yovomereza kafukufuku kuchipatala. Onse ndi madokotala, woyimira anthu wamba ndine ndekha, mongodzipereka. Akufuna ana odwala mphumu azibwera m'mamawa sabata iliyonse. Ndinawauza kuti azitumiza galimoto, amayi ambiri sangakwanitse."

"Ndiye anati bwanji?"

"Akuti mabasi alipo!"

"Hede! Iwowo anayamba akwerapo basi?"

"Musaseke, mwana wanganso amabanika usiku! Ndikapanda kufika, avomereza choncho."

"Aimbireni foni, mayi. Akafunsa muli kuti, auzeni mukudikira mabasi alipo aja."